Kope Lonunkha Nsomba

Patha miyezi itatu chichezereni pa tsamba lino, ndipo ulendo uno tabwera ndi nkhani ya pakhomo pathu penipeni. Eni nkhaniyi tawapempha ndipo atilola kuti tiifotokoze, malinga tisatchule mayina awo.

Mwana wa mchemwali wathu ali Folomu 3 pa sukulu ina yoyendera, kufupi ndi nyanja ya Malombe. Tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu nkhope itagwa. Aphunzitsi a Jogalafe anali atawapatsa pulojekiti. Aliyense anayenera kusankha ntchito imodzi imene anthu a m'mudzi mwake amadalira, kufunsa akuluakulu mmene ntchitoyo inalili kale ndi mmene ilili lero, kulemba zimene wapeza, kenaka kudzaima kutsogolo kwa anzake n'kufotokoza. Iye anafuna kulemba za anamwino a kuchipatala, poti ndiyo ntchito imene amailakalaka. Aphunzitsi anakana. Anati alembe za ntchito imene imabweretsa ndiwo pakhomo pao. Pakhomo pao ndiwo zimachokera m'madzi.

"Amalume, ine ndikalembe za nsomba? Anzanga akandiseka," anatero.

Tiulule pano kuti ifenso sitinakondwe nazo. Ndife a gulu la makolo amene anakula akudziwa kuti sukulu ndi bolodi, choko, ndi mayeso a MANEB. Mwana wotsala ndi chaka chimodzi kuti alembe MSCE tinkafuna azikhala pansi n'kumawerenga, osati kumayendayenda m'makomo mwa anthu ndi kope m'manja ngati wotolera msonkho. Tinangomuuza kuti achite msanga athane nazo. Zimene zinatuluka m'masabata otsatirawo n'zimene zatichititsa kulemba lero.

Woyamba kufunsidwa anali anganga ake, mayi athu otibereka. Mwanayo anakonza mafunso khumi m'Chingerezi n'kuwamasulira m'Chichewa. Anakhala pamkeka, cholembera m'manja, ngati mkulu wa kalembera. Funso loyamba litangotuluka, anganga anayankha m'Chiyao ndipo sanalekeze. Apa mwana anagundana ndi chinthu choyamba chokhudza iye mwini. Chiyao chake n'cha moni, cha kumsika ndi chotumidwira kumjigo. Chiyao chofotokozera zakale, cha mayina a udzu wa m'madzi ndi a nyengo, analibe. Anatiitana kuti tizimasulira. Tinamasulira ndithu, koma tisaname, mawu ena ifenso tinachita kufunsa kawiri. Anadabwanso kumva anganga akutchula mawu akuti nyasa mobwerezabwereza. Dzina lakuti Nyasaland analiloweza kalekale m'phunziro la mbiri yakale, koma sanaganizepo kuti linachokera ku mawu amene agogo ake amatchulira nyanja tsiku ndi tsiku.

Ndiye anganga ananena chinthu chimene mwana sanachilembe n'komwe. Anati pamene amuna akupalasa mabwato lero pa Malombe, amayi awo ankalimapo chimanga ali mtsikana. Mwana anangomwetulira mwaulemu, cholembera chili m'malere. Mumtima mwake anati izi ndi nthano za padangotero. Mawa lake anazinena kwa aphunzitsi ngati nthabwala, ndipo aphunzitsiwo anamukhazika pansi. Anamuuza kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 madzi a nyanja ya Malawi anatsika kwambiri kotero kuti mtsinje wa Shire unaleka kutuluka bwino m'nyanjamo. Malombe ndi Shire yemweyo amene amatambasuka akadutsa pa boma la Mangochi asanapitirire ku Liwonde, ndipo si nyanja yakuya. Shire atafooka, mbali yaikulu ya Malombe inauma, anthu n'kulimapo minda. Madzi atabwerera anamiza mindayo. Mwanayo anaona ndi maso ake mu 2024 nyanja ya Malawi itakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo, koma sanadziwe kuti nyanja yomweyo inayamba yathawapo.

Anabwerera kwa anganga madzulo omwewo kukapempha kuti abwerezenso. Anganga anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mawu anga asanduka oona lero chifukwa wawavomereza wovala tayi?" Anaseka, n'kuyambiranso, ndipo ulendo uno cholembera chinayenda.

Wachiwiri anali ambuje, mchimwene wao wa anganga, amene anatha moyo wao wonse pamadzi ndipo tsopano maso akuchita chimbuuzi. Mwana anawapempha atchule nsomba zimene ankagwira ali mnyamata. Anayamba kuwerenga pa zala: chambo, kampango, mlamba, ntchila, sanjika, mpasa, mcheni, ndipo akapita kunyanja yaikulu, utaka ndi usipa. Atafika pa ntchila mwana anafunsa kuti imaoneka bwanji, poti chibadwire sanaidyepo. Ambuje anakhala chete kanthawi. Ntchila inali nsomba yochuluka zedi m'zaka za m'ma 1950, koma pofika zaka za m'ma 1960 inali itayamba kusowa, makamaka chifukwa anthu ankaitchera ikamakwera m'mitsinje kukaswa. Kambuzi, amene lero ndiye ndiwo ya tsiku ndi tsiku kwathu kuno, ambuje anati m'masiku awo munthu wamkulu sankamuwerengera ngati wagwira nsomba. Anamuphunzitsanso mphepo: mwera wochokera kum'mwera m'miyezi yozizira, umene wamiza anthu ambiri, mpoto wochokera kumpoto nthawi ya dzinja, ndi vuma wochokera kum'mawa. Anamuuza mmene msodzi amadziwira kuti mphepo isintha poyang'ana mitambo ndi maonekedwe a madzi.

Pa pepala lake la mafunso panali malo olembapo maphunziro a munthu wofunsidwa. Asanafunse n'komwe, mwana anali atalemba kale kuti ambuje "sanaphunzire". Zokambirana zili mkati, ambuje anatuma kamdzukulu kukatenga kabuku kakale m'sutukesi. Munali maakaunti a zaka zambiri: amene anakongola nsomba, amene anabweza, mtengo wa ulusi wosokera maukonde, tsiku limene anagula bwato. Zonse zinalembedwa ndi dzanja lao, m'zilembo za Chiarabu, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Mwana anafufuta mawu aja mwakachetechete.

Usiku umenewo anatifunsa chifukwa chake ambuje, munthu wanzeru chotere, sanapite kusukulu. Tinamufotokozera zimene ambiri a inu mukuzidziwa. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa mishoni, ndipo makolo ambiri a kunyanja kuno ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akasintha chipembedzo ndi dzina lomwe. Anasankha kuwasunga ana ku madrasa. Tikhoza kukangana mpaka mawa ngati anachita bwino kapena ayi, koma sanachite chifukwa cha ulesi kapena kudana ndi nzeru, monga ena amanenera. Mwanayo anakula akumva anthu a maboma ena akunena kuti kwathu kuno sitikonda sukulu, ndipo mumtima anali atavomereza. Aka kanali koyamba kumva kuti nkhaniyo ili ndi chiyambi chake. Amayi ake enieni analowa sukulu mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana anakhamukira m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Sanapite patali, koma ndiwo anatsegula njira imene mwana wao akuyendamo.

Sabata yachitatu tinamuperekeza ku ofesi ya za usodzi. Kumeneko anapeza manambala amene anagwirizana ndi madandaulo a ambuje. Mu 1982 asodzi a pa Malombe anagwira chambo choposa matani 8,000. Pofika zaka za m'ma 1990 chambo chogwidwa pa chaka sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. M'zaka khumi zokha nsomba imene inatchukitsa boma lathu inali itatsala pang'ono kutheratu m'nyanjayi.

Chimene chinamugwira mtima kwambiri ndi mmene chambo chimaswanirana. Chachimuna chimakumba chisa chonga mbale pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa, ndipo ana akaswa amakhalabe m'kamwa mwa mayi mpaka atalimba, kenaka amakakulira m'malo osaya, m'maudzu ndi m'mabango. Kuti chambo chifike poswa pamatenga zaka ziwiri kapena zitatu. Ndiye taganizani khoka la maso ang'onoang'ono likukokedwa pansi. Limagumula zisa, limazula udzu, limatenga mayi ndi ana ali m'kamwa, limakokolola ndi kasawala yemwe, amene ndi chambo chisanakule. Ukonde wa nkacha, umene unafala pa Malombe kuyambira zaka za m'ma 1970, unabwera kudzagwira kambuzi, koma ukonde susankha. Mwana anabwera kunyumba akunena kuti munthu wogwira chambo chimodzi chokhala ndi ana m'kamwa wapha mudzi wathunthu.

Anamvanso kuti malamulo alipo. Makomiti a m'madoko, amene timawatcha ma BVC, anayambira pa Malombe pomwepa ndi kumtunda kwa Shire mu 1993, pofuna kuti asodzi eni ake azitenga mbali poteteza nsomba. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za usodzi limene linavomereza kuti anthu a m'midzi azigwira ntchitoyi limodzi ndi boma. Pali miyezi yotseka nyanja kuti nsomba ziswane, pali kukula kwa maso a ukonde kololedwa, ndipo chambo chosafika masentimita 15 sichiyenera kugwidwa. Mwana analemba zonsezi mosamala, ndipo anayamba kuyankhula ngati wapolisi. Asodzi ndi osamva, asodzi ndi adyera, boma liwamange. Ife tinangomvetsera. Tinadziwa kuti sanafikebe kudoko.

Kudoko anapita m'mamawa wina ndi amayi ake, amene amagula nsomba, kuyanika pathandala n'kukagulitsa. Mwanayu anabadwira pafupi ndi doko koma chiyambire sekondale ankalipewa, poopa kuti yunifolomu inganunkhe. Tsiku limenelo anaona amayi ake akugwira ntchito. Anawaona akuyang'ana beseni la kambuzi kamodzi kokha n'kudziwa kuti akauma atsala ochuluka bwanji, akuchotsera mtengo wa thiransipoti ndi wa malo pamsika, akuwerengera zoola ngati kungachite mitambo, n'kutchula mtengo wao wogulira mwana asanamalize n'komwe kulemba manambala m'kope. Anatiuza pambuyo pake kuti masamu amene iye amalimbana nawo ndi kakyuleta, amayi ake amawachita pamtima uku akukangana ndi anthu atatu nthawi imodzi. Chiyambire anali asanawaonepo ngati munthu wodziwa kanthu. Ankawaona ngati mayi basi.

Kenaka boti la bambo ake linakocheza. Mwana anatulutsa rula ya pulasitiki ija ya m'bokosi la masamu n'kuyamba kuyeza nsomba, monga anamuuzira aphunzitsi. Mwa kambuzi munali kasawala wambiri, wina wosatalika kuposa chala chake. Atayang'ana khoka, anaona kuti kuthumba kwake kunasokereredwa neti ya udzudzu, imodzi mwa zija amagawa kuchipatala kuti tizigonamo. Anthu onse padoko ankadziwa. Amayi ake ankadziwa. Ifenso, tisabise, tinkadziwa. Amene sankadziwa ndi iye yekha, chifukwa anali asanayang'anepo.

Anatseka kope n'kubwerera kunyumba osayankhula. Masiku awiri sanalembe kanthu.

Tsiku lachitatu anawafunsa bambo ake atatha kudya. Sanafunse mwachipongwe. Anagwada monga mwa mwambo n'kunena kuti, "Ababa, neti ija ndaiona. Ndilembe kapena ndisalembe?" Mlamu wathuyo ndi munthu wofatsa, koma tsiku limenelo mawu anakwera. Anakhala zaka zitatu ku Johannesburg akugona m'kachipinda ndi anzake asanu, akusunga ndalama iliyonse kuti adzagule boti ndi khoka. Anamuuza mwana wake kuti: "Chambo sindinachimalize ine. Ndinapeza chitatha kale. Ndikaika maso aakulu ndibwerako ndi madzi okhaokha. Ndikasiya ine lero, mawa mnzanga akoka pomwepo. Yunifolomu wavalayo, nsapato, ngakhale kope ukulembamolo, zonse zatuluka mu neti yomweyo. Ukalemba, a komiti akabwera kudzalanda khoka, fizi ya temu ya mawa ukaitenga kwa aphunzitsi akowo?"

Nkhani inafika kwa ife monga malume. Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno: mwamuna amakhala kwao kwa mkazi, ndipo kuti mkamwini achititsidwe manyazi ndi mwana wake yemwe pamudzi wa eni si nkhani yaing'ono. Mtima wathu unafuna kumuuza mwanayo kuti adumphe tsamba limenelo, alembe za mphepo ndi mayina a nsomba, alandire malikisi ake, pakhomo pakhale mtendere. Koma tinaganizanso kuti tikatero tamuphunzitsa kuti cholembera ndi chobisira zinthu, ndipo phunziro limenelo sakanaliiwala. Tinamuuza zinthu ziwiri zokha: asaname, ndipo asavule bambo ake pagulu. Zotsalazo aone yekha.

Njira imene anaipeza sitikanaiganiza ife. Sanatchule dzina la munthu aliyense kapena la doko. Analemba zimene anaona, kasawala ndi neti zomwe. Koma anawonjezera mutu wina umene aphunzitsi sanaupemphe, wofunsa chifukwa chake asodzi amachita zimenezi pamene akudziwa kuipa kwake. Anabwerera kudoko kukafunsa asodzi ena, ndipo ulendo uno sanapite ngati wapolisi. Anamva za ngongole za maboti, za anyamata ogwira ntchito pa khoka la wina amene amalipidwa malinga ndi nsomba za tsikulo, za minda yaing'ono imene siikwanitsa kudyetsa banja chaka chonse, za miyezi yotseka nyanja imene imagwera nthawi yomwe chakudya chayamba kuchepa m'nyumba. Palibe msodzi ngakhale mmodzi amene anamuuza kuti kugwira kasawala n'kwabwino. Onse anati akudziwa, ndipo aliyense anati akudikira kuti anzake ayambe kusiya.

Msodzi wina amene anayendapo ku Salima anamuuza za chilumba cha Mbenji. Kumeneko, kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira a ku Salima akhala akutseka usodzi pachilumbapo nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala, n'kudzatsegula mu Epulo ndi mwambo. Nthawi yotseka asodzi onse amachokapo, ndipo nthawi yotsegula pali malamulo okhwima, oletsa ngakhale mowa ndi juga pachilumbapo. Asodzi amamvera chifukwa lamulo limagwira aliyense mofanana ndipo amaona phindu lake nyanja ikatsegulidwa. Mwana anamaliza pulojekiti yake ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani zotheka ku Mbenji zikuvuta pa Malombe. Yankho lathunthu analibe. Ananena kuti Mbenji ndi chilumba, chosavuta kulondera, pamene Malombe wazunguliridwa ndi midzi yambiri ndi mafumu ambiri. Ife tikuona kuti kwa mwana wa Folomu 3 kufika pa funso limenelo n'kokwanira.

Asanakapereke, anawawerengera bambo ake zonse, akumasulira chiganizo ndi chiganizo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anangokonza malo amodzi pamene mwana analakwitsa kufotokoza mmene nkacha amakokera, n'kudzuka kupita kukagona.

Tsopano tiyankhule ndi inu makolo anzathu, poti tikudziwa kuti ntchito zoterezi zikufika m'makomo ambiri. Mwana wa mnansi wathu, wa Sitandade 7, anapatsidwa yofufuza matenda ofala m'mudzi. Iye ndi anzake ankakhulupirira kuti mnyamata akayamba kukodza magazi ndiye kuti wakula. Pofunsafunsa kwa alangizi a zaumoyo anamva kuti amenewo ndi likodzo, kuti tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa, ndipo kuti mankhwala ake, aja a praziquantel amene amagawidwa m'sukulu, iye ankawataya kuseri kwa kalasi. Ananena yekha kwa amayi ake kuti akufuna kupita kuchipatala. Chikhala kuti anangouzidwa ndi mphunzitsi pabolodi, bwenzi ataloweza, n'kukhoza mayeso, n'kupitiriza kutaya mankhwalawo. Safunsa anadya phula, anatero akale, koma ife makolo nthawi zambiri ndife timatseka pakamwa pa mwana wofunsa.

Mwana akabwera ndi mafunso, tisamuthamangitse kuti tatanganidwa, ndipo tisamulembere. Taona makolo ena ophunzira akutenga kope n'kulemba okha usiku kuti mwana akapeze malikisi ambiri. Taonanso ana akukopera zonse pa foni, mpaka mwana wa ku Malindi kulemba za usodzi wa m'nyanja zamchere zimene sanazionepo. Ntchito yotero ilibe phindu ngakhale italembedwa m'Chingerezi chosalala. Phindu lili pa kukhala pamkeka paja, kusowa mawu, kuchita manyazi, kufunsanso. Komanso tisatume mwana wamkazi yekha kudoko kapena m'nyumba za anthu osawadziwa. Tonse tikudziwa zimene zimachitika m'madoko ena nsomba zikasowa ndipo ogula achuluka. Timuperekeze, tikhale chapatali, afunse yekha.

Kwa aphunzitsi tili ndi pempho limodzi. Mukamatuma ana kukafufuza za m'mudzi, dziwani kuti mukuwatuma m'nyumba zao zomwe, ndipo zimene akapeze sizikhala zokoma nthawi zonse. Auzeni poyambirira kuti mayina a anthu salembedwa, ndipo zimene mwana walemba zisasanduke umboni wokagwiritsa ntchito kwina. Mukalakwitsa pamenepa kamodzi kokha, mudzi wonse udzatseka pakamwa ndipo ana a chaka chamawa adzabwerako ndi makope opanda kanthu. Musapemphenso zinthu zofuna ndalama, monga mapepala ogula ndi zithunzi zotsukitsa. Pulojekiti ya mwana wathuyi inatha ndi kope limodzi, cholembera ndi rula.

Tsiku lofotokoza litafika, mwana amene ankaopa kusekedwa anaima kutsogolo ndi kasawala wouma m'dzanja limodzi, rula m'dzanja lina. Ndi mwana wamanyazi, woti mlendo akafika pakhomo amathawira kukhitchini, ndipo anatiuza kuti mawondo ankagundana. Koma atayamba kufotokoza za chambo chosunga ana m'kamwa, kalasi inakhala chete, ndipo atanena za minda ya pansi pa Malombe ena anatsutsa monga anatsutsira iye, mpaka aphunzitsi analowererapo. Anzake amene makolo awo ndi asodzi, omwenso ankabisa, anayamba kuwonjezera zao. Mmodzi anati agogo ake amatchula mphepo ina imene iye sanailembe. Anazindikira tsiku limenelo kuti amatha kuyankhula pagulu ngati akunena chinthu chimene wachiona yekha. Anazindikiranso, poyang'ana m'kalasimo, kuti anyamata ambiri amene anayamba nawo Sitandade 1 munalibe. Ena ali pa makoka omwe iye amawafotokozawo, ena anapita ku Joni. Anati anamva ngati akunena za anthu amene anayenera kukhala pa mabenchi omwewo n'kumadziyankhira okha.

Za unamwino sanasinthe maganizo, ndipo ife sitikumukakamiza. Koma wasiya kuzungulira njira yaitali popewa doko, ndipo Loweruka amathandiza amayi ake pathandala osaumirizidwa.

Mwina mukufuna kumva kuti bambo ake anachotsa neti ija. Sanachotse. Khoka lili pomwepo, ndipo fizi ya temu ino yachokera momwemo. Chimene tinaona n'chakuti pa msonkhano wa komiti ya padoko umene unachitika nyanja isanatsekedwe, mlamu wathu, amene sankapitako, anapita. Anakhala kumbuyo, sanayankhule, ndipo atabwerako sananene kanthu kwa aliyense. Ife sitinamufunse.

Kope lija linabwerako kwa aphunzitsi lili ndi malikisi abwino ndi fungo la kambuzi, poti linagonapo pathandala kangapo. Anganga analitenga n'kuliika m'sutukesi momwe muli kabuku ka ambuje, ngakhale sangathe kuliwerenga. Ndipo anamuuza mdzukulu wao kuti sanamalize. Tsopano Lachisanu lililonse masana mwana amakhala pamkeka paja ndi kope lachiwiri, limene palibe mphunzitsi analipempha, ndipo ife sakutiitananso kawirikawiri kuti timasulire. Adutsa kale mayina a makolo mpaka mibadwo inayi, ndi njira imene anayenda pobwera kudzakhala m'mbali mwa Malombe. Sabata yatha anafika pa nkhani ya ukwati wa anganga. Anganga anatiyang'ana ife amene tinakhala pakhonde, n'kunena kuti imeneyo adzainena tsiku lina, amuna atachokapo.